Akuti Abambo Asiya Fodya

Randburg, Joni
14 Ogasiti 2016

Okondedwa mayi a Gloria,

Moni wochuluka kwa inu, kwa mwana wathu Gloria ndi kwa onse kumudzi. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chapsereza maluwa a abwana, ndipo wolakwa ndi ine wa m'gadeni, ngati kuti chisanucho ndinabwera nacho m'chikwama kuchokera ku Nsaru.

Musadabwe kuti ndikulemba kalata pomwe m'katundu yemweyu muli foni. Foniyo ndi ya abambo. Inu ndimakudziwani: apongozi anu akakhala pafupi mudzagwada chapatali n'kumangoti "ee, ee" mpaka mayunitsi kutha. Ndiye za mumtima ndizilemba papepala. A Dyson, amene amanyamula katundu wa anthu pabasi, azikusiyirani makalata pa Nsaru, ndipo mayankho muziwapatsa iwo omwewo.

Nkhani ya abambo yandidetsa nkhawa. Mwati kuchipatala ku Namitete anawajambula pachifuwa, TB sanaipeze, koma mapapo atopa ndi utsi ndipo adokotala anena kuti fodya amusiye msanga. Chimwalirireni amayi, amene mukuwasamala ndinu, ndiye mumve bwino zimene ndikufuna kuti tichite.

Poyamba ndikuuzeni chimene ndinkasunga kuti ndidzakudabwitseni nacho pamaso. Ine Luckson, amene ndinayamba kusuta ndisanamere ndevu, ndasiya fodya. Sekani, ndikudziwa kuti mukuseka. Munandipezerera kangati kuseri kwa nkhokwe nditalumbira dzulo lake lomwe? Koma ulendo uno sindinalumbire. Chifuwa chitandigwira mu Meyi, anesi a pakiliniki anandipatsa nambala ya anthu othandiza kusiya fodya, ndipo adona, atatopa ndi fungo langa, anandigulira bokosi loyamba la mapulasitala.

Pulasitala wake ndi wonga wa pachilonda. Umamata pamkono m'mawa, mawa lake n'kuchotsa, kumata wina pamalo ena. Muli mankhwala omwe aja a m'fodya amene amapatsa munthu chibaba, akuti nikotini, koma amalowa pang'onopang'ono kudzera pakhungu, popanda utsi. Umayamba ndi amphamvu, kenako apakati, kumalizira ofooka, monga mmene munamusiyitsira Gloria bere.

Ndiye pali mayi wa pafoni. Nkhope yake sindiidziwa. Amandiimbira, timalankhula Chingerezi changa chothyokathyokachi, amandifunsa nthawi imene chibaba chimandigwira, kaya ndikatha kudya kaya abwana akandikalipira, n'kupangana chochita nthawi imeneyo. Iye akuti pulasitala amagwira thupi, foni imagwira maganizo, ndipo wogwiritsa zonse ziwiri amapambana kawirikawiri kuposa wongolumbira payekha. Sananene kuti onse amasiya, ayi. Amon, amene ndimagona naye chipinda chimodzi, anamata nawo koma foni anakana, ati sangaulule za mumtima kwa mkazi wosamudziwa. Pano akufuka ngati uvuni wa njerwa.

Mayiyu Chichewa sachidziwa, ndiye kwa abambo wa pafoni ndikhala ine. Ndiziimba Lamulungu lililonse mukaweruka kutchalitchi. Bokosi la amphamvu lili pansi pa bulangete. Akamata asasutenso, ndipo chingambwe chawo chimene amasomeka kudenga muchichotse. Mapulasitalawo Gloria asawakhudze, ngakhale otha ntchito.

Ndalama zili mu envulopu mugule chimanga chisanakwerenso, zotsala zikhale za nazale ya fodya.

Ndine amuna anu,
Luckson


Randburg, Joni
25 Seputembala 2016

Mayi a Gloria,

Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndiponso kuti Gloria wachira maso. Ine ndili bwino, ndipo ndanenepa. Thalauza la ukwati lija likukana kutseka. Munthu ukasiya fodya pakamwa pamafuna ntchito ina, ndiye ine ndi mtedza tagwirizana.

Zoti abambo asiya ndinazimva pakamwa pawo pomwe, koma mmene ndinaona mwalembanso inu, mtima unakhala pansi. Abambo anga a Chakufwa, munthu amene ankayatsa ndudu ina ndi moto wa inzake! Pafoni amachita kufuula ngati mawuwo afika ku Joni ndi mphamvu zawo. "Ndasiya, mwanawe! Kachigamba kako ndamata!" Ndikafunsa za chibaba amayankha pang'ono n'kulowa zina: za ng'ombe ya a Laison, ang'ono awo aja, za mtengo wa fodya ku okishoni, za mvula ya chaka chimene ndinabadwa. Ndimawasiya alankhule. Kunena zoona, chibadwire changa sindinachezepo ndi abambo motere. Kale tikakhala awiri m'chigafa tinkangopatsirana moto, aliyense maso kumasamba.

Ine ndinaterereka kamodzi. Abwana ananditukwana chifukwa cha paipi ya madzi imene galimoto yawo yomwe inaponda. Poweruka ndinagula ndudu imodzi pakashopu, ndinaisuta mpaka pakati, yotsala ndinaponda. Mayi wa pafoni ataimba ndinaganiza zobisa, koma ndinanena. Sanandikalipire. Anati ambiri amaterereka, ena kangapo konse, ndipo amene amadzukanso ndi amene amanena. Akuti, "Foni simva fungo. Ukandinamiza, ine ndizithandiza munthu amene kulibe." Tinapangana kuti abwana akayamba zawo ndizikatsuka nkhope pampopi n'kudikira mtima utsike. Zaoneka ngati zachibwana koma zikugwira.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mukhale mphuno yanga. Ndikudziwa kuti simungawavule malaya apongozi kuti muone ngati amata, ndipo simungawafunse. Koma mphuno ilibe chipongozi. Pochapa zovala zawo mudziwa. Akasuta musawanene, musachite mantha, ingondilemberani ine. Si mlandu, tingoyambiranso.

Mayi uja anafunsa ntchito imene timagwira kwathu. Ndinati timalima fodya, ndipo ndalama za nazale ndatumiza kale. Ndinamuuza kuti kusuta tisiya, koma tikasiya kulima tidya chiyani? Nazaleyo muzithirira m'mawa ndi madzulo, musadalire ana a eni ake.

Kuno apolisi ayambanso kufunsa mapepala pamalo okwerera matekisi. Anyamata awiri a ku Kabudula sanabwerere kuchipinda kwawo. Ine ndimadzera njira ina. Masiku a m'pasipoti mwanga mukuwadziwa mmene alili, zina ndidzanena pamaso.

Bokosi lina la amphamvu ndapereka kwa a Dyson, pamodzi ndi sopo ndi mafuta ophikira.

Luckson


Randburg, Joni
20 Novembala 2016

Okondedwa mayi a Gloria,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mvula yayamba. Ine thupi lili bwino, koma maganizo ndi amene sakukhazikika.

Lamulungu lapitali mawu a abambo sanandisangalatse. Amalankhula mawu atatu n'kuima, kupuma kwake kumachita kumveka ngati munthu wakwera phiri ndi njinga ya makala. Anatsokomola mpaka foni anaiika pansi. Nditafunsa anati ndi fumbi la kumunda. Ndinapempha kuti akupatseni foni, inu munangoti "ali bwinoko" n'kubweza. Mayi wa pafoni akuti ena amatsokomola kwambiri akangosiya, mapapo akamachotsa zoipa, koma akuti miyezi yapitayi ndi yambiri, abwererenso kuchipatala. Apititseni ku Namitete sabata ino, ya minibasi ndaika.

Tsopano nayi nkhani. Zimene ndasunga zikukwana chimodzi mwa ziwiri. Ndikhoza kukwera basi ya Khirisimasi n'kudzawaona abambo ndi maso anga. Kapena ndikhoza kugula mabokosi otsala, apakati ndi ofooka, kuti amalize bwino, n'kuonjeza feteleza wobereketsa, ine n'kudzabwera pa Isitala. Zonse ziwiri sizitheka. Mudziwenso kuti ndikadutsa pachipata ndi pasipoti yotha masiku, kubwerera kuno kudzavuta, ndipo gadeni ya abwana sidikira munthu.

Ndikudziwa mwambo wathu. Munthu wa kutali sauzidwa zoipa, amati asavutike mtima pantchito, amati angachite ngozi pamsewu. Ine ndemwe ndinanamizapo anthu chotero, tonse timatero. Koma pa nkhani iyi yokha, Jenifer, ndikukutchulani dzina lanu, muusiye mwambowo pakhomo. Ngati abambo akusuta, mabokosiwo ndi kutaya ndalama m'madzi. Ngati matenda akukula, ntchito ndi yachabe, ine ndinyamuka. Simukuwanyoza apongozi mukandiuza. Palibe amene adzaone kalata yanu koma ine ndekha.

Ndichita zimene mundiuze inu. Abambo anganame chifukwa ndi bambo, a Laison anganame chifukwa ndi mng'ono wawo. Inu ndi ine timafunda bulangete limodzi.

A Dyson anyamuka kuno Lachitatu ndipo adzabwerera kumayambiriro a mwezi wamawa. Yankho lisawaphonye.

Amuna anu,
Luckson


Randburg, Joni
18 Disembala 2016

Mayi a Gloria,

Moni nonse. Ine ndili bwino kwabasi, ndipo kalata yanu yandichotsa chimwala pamtima. Mwati abambo ali bwinoko, fodya sakumukhudza n'komwe, kuchipatala anawapatsa mankhwala a chifuwa ndipo akudya. Zikomo, mkazi wanga. Ndaiwerenga mpaka Amon wandilanda.

Basi ndaileka ipite. Mabokosi onse ndagula. Apakati ayambe amphamvu akatha, ofooka akhale omaliza, musasokoneze, ndalemba manambala pamwamba. Feteleza mugule kwa Nsaru komweko, ku tauni mungawononge pa thiransipoti. Diresi lofiira ndi la Gloria, nsalu ndi yanu. Jekete lakudalo ndi mphatso ya abambo, muwauze kuti ndi ya munthu wopambana.

Ine mapulasitala ndinamaliza, pano ndikuyenda wopanda kanthu pamkono. Chibaba chimabwera ngati mlendo wodutsa, chimapereka moni n'kumapita. Mayi wa pafoni tsopano amaimba mwa apo ndi apo. Nditamuuza za abambo anaomba m'manja, ndinachita kumva, ndipo anati ndiwapatsire moni. Kutchalitchi kwathu kwa Amalawi ndinaimirira kupereka umboni, kuti mdala wa zaka zimenezo wasiya fodya chifukwa cha foni ndi kapulasitala. Anthu atatu anditenga nambala.

Khirisimasi ndidyera kuno. Abwana apita kunyanja, andisiyira agalu. Musadandaule za ine, Isitala si kutali.

Luckson


Randburg, Joni
29 Januwale 2017

Jenifer,

Moni ndikupereka chifukwa ndinaleredwa. Za umoyo wanu sindifunsa, yankho lake ndikulidziwa kale.

Dzulo ndinapita ku Park Station kukalandira a Dyson. Anatsika basi akuseka. Akuti, "Achimwene, mwayamba bizinesi osandiuza? Kwanu kuja anthu andituma mapulasitala a msana aja."

Ndinati, "A msana ati?"

Akuti, "Omwe mumatumizira madala aja. A Laison anachita kundiitanitsa kumudzi kuti ndidzaone bokosi lake, ndisagule olakwika. Iwo amata pamsana, amayi ena a kutchalitchi pamaondo. Akuti ndi amphamvu zedi, ukamata mutu umazungulira, nseru n'kubwera, ndiye kuti matenda akutuluka."

Ndinafunsa za abambo. Anati anawapeza pakhonde atavala jekete latsopano, akukulunga chingambwe m'pepala la kope. Anati, "Ndipo alamu ndi aulemu, eti. Anabwera ndi khala la moto paphale, n'kugwada, madala n'kuyatsa." Atandiyang'ana kumaso kuseka kunatha. Akuti, "Kodi simumadziwa?" Nditafunsa za thupi la abambo anayang'ana nsapato zawo n'kunena kuti ali bwinoko. Nawonso ayamba.

Khala la moto, Jenifer. Ndi dzanja lomwe munalembera kuti fodya sakumukhudza n'komwe.

Ndinakupemphani chinthu chimodzi. Sindinati muwalande fodya, sindinati muwakalipire. Ndinati mundiuze. Ndinakutchulani dzina. Inu munakhala pansi, kutenga cholembera, n'kundiphimba m'maso bwinobwino ndi zilembo zanu zokongolazo. Ine Khirisimasi ndinadyera ndi agalu a mzungu, basi ndikuiona ikupita, kuti a Laison apole msana. Lamulungu lililonse ndimathira mayunitsi, kufunsa mdala kuti chibaba chakugwirani nthawi yanji, iye akuyankha ndudu ili pakati pa zala, mudzi wonse ukumvera. Munkaseka nthawi yanji, ndisanadule kapena nditadula? Ndinaimirira m'tchalitchi, ine, kuchitira umboni bodza. Ndaphwetekedwa ndi anthu ambiri kuno ku Joni, mabwana, apolisi, anzanga omwe, koma sizinandipweteke chonchi, chifukwa iwowo sindinawakhulupirirepo.

Mverani izi, ndipo muchite lero lomwe. Mapulasitalawo si a msana, si a maondo. Munthu wosasuta akamata amadwala, kuzungulira mutu kumene akukutamako ndi poizoni. Mwana akhoza kufa nawo. Muwatolere onse kwa a Laison ndi kwa amayi a kutchalitchiwo, muwatsekere m'sutikesi. Anthu anenanso kuti Luckson watumiza mankhwala opha anthu.

Lamulungu musadikire foni. Sindiimba. Abambo muwauze kuti mwana wawo wadziwa, ndipo asavutikenso kubisa ndudu kumbuyo, foni ilibe maso. Asute mwamtendere fodya wawo, ndi wolima okha.

Ndalama za sukulu ya Gloria zili m'kati. Mwana sanandilakwire.

Luckson


Randburg, Joni
26 Febuluwale 2017

Mayi a Gloria,

Moni. Ine ndilipo.

Kalata yanu ndalandira. Mwati mukanatani poti ndi apongozi, akakutumani moto simungakane, akati musanene simunganene. Ndamva. Ndiye kuti pakhomo panga mawu a abambo ndi lamulo, anga ndi mphepo. Mukanangolemba kuti "sindingayankhe", ine ndikanamva, si ndine mwana. Pansi pake mwalembanso kuti ali bwinoko ndipo akufunsa za ine. Mawu amenewa ndiwatenge bwanji tsopano?

Ndikuona kuti foni ya abambo ikumandiflasha Lamulungu. Ndikuona. Ndidzaimba mtima ukatsika, pano ndikhoza kulankhula mawu osayenera kwa munthu wondibereka.

Mayi wa pafoni anaimba, ndinamuuza zonse. Ndinayesa akwiya nane limodzi, koma ayi. Akuti pulasitala sagwira munthu amene sanafune yekha, ndipo mwina abambo anavomera pofuna kukondweretsa ine. Akuti iye anthu amamunamiza tsiku ndi tsiku ndipo sawasiya, amaimbabe, chifukwa wina amadzanena zoona pa ulendo wachisanu. Anati, "Aimbire, ngakhale osatchula fodya." Ndinamuyankha kuti iye amanamizidwa ndi alendo, ine ndanamizidwa ndi anthu a m'nyumba mwanga. Ine sindinasute, ngakhale Amon anandiika ndudu m'manja tsiku lija la a Dyson.

Pa Isitala ndibwera ndithu. Nkhani iyi ndikufuna ndidzaikambe ndi abambo maso ndi maso, inu muli pomwepo, a Laison ali pomwepo.

Fodya wa m'munsi muthyole asanaole ndi mvulayi. Denga la chigafa ngati likudontha, pezani munthu afolere, ndidzamulipira ndikabwera. Abwana adula tsiku limodzi pa sabata, akuti zinthu zavuta. Zina sindilemba.

Luckson


Diepsloot, Joni
9 Epulo 2017

Jenifer,

Ndafika. Mmene ndadutsira pachipata musandifunse. Kwa abwana ndapeza munthu wina akudula kapinga, wavala ovolosi yanga. Ndikugona kwa mnzake wa Amon, ndipo thupi lili bwino. Ndikhulupirira inu ndi Gloria mwayamba kupezako mphamvu.

Kumudzi sitinalankhulane. Anthu anali ambiri. Munkandiikira madzi osamba n'kuchoka, ine n'kusamba. Ndiye ndilembe.

A Laison ataimba anati, "Matenda akula, nyamuka." Ndinagulitsa foni yanga yabwino ija kuti ndikwere basi, ndipo njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikawauze abambo. Pa Tete ndinawagulira malalanje. Ndinatsika pa Nsaru malalanje ali m'manja, wakabaza n'kundipepesa maliro. Anthu anali atabwerako kumanda dzulo lake. Pamene a Laison ankati matenda akula, n'kuti adzukulu atayamba kale kukumba. Ngakhale imfa yomwe munandiuza theka.

Tsiku lobwerera a Laison anandiperekeza wapansi mpaka pasiteji. Panjira anandiuza zimene inu munazidziwa kuyambira pachiyambi. Akuti abambo anamata masiku awiri okha, akusuta nawo, anasanza, n'kunena kuti kachigambaka kawapha msanga kuposa fodya. Inu ndi a Laison munati Luckson auzidwe. Abambo anakana. Anati, "Mwana ameneyu chibadwire sanandifunsepo kuti mwadzuka bwanji. Lero akundifunsa sabata iliyonse. Mukamuuza kuti ndalephera, aziimbiranso chiyani?" Ndipo nditasiya kuimba, akuti anangoti, "Si ndinanena?"

Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo, a Laison ataima pambali panga ndi chikwama.

Akutinso kuyambira mu Febuluwale abambo sankatha kufika kuchimbudzi okha. Miyendo inatupa, ankagona chokhala. Nthawi imeneyo ndi imene munandilembera kuti ali bwinoko, akufunsa za ine. Loweruka lililonse ankakutumani ku Nsaru kukatchajitsa foni, inu n'kumapita, mukudziwa kuti sindiimba. Munkadutsa pomwe a Dyson amatsitsira katundu. Mzere umodzi, Jenifer. "Abambo akufa, imbani." Ndikanaimba tsiku lomwelo, mkwiyo wonse ndikanaumeza. Bodza loyamba ndingati linali la abambo, munangolisenza. Lachiwirili ndi lanu. Munaona kuti ndikulanga munthu wakufa ndikuyesa ndikulanga wamoyo, ndipo munandisiya ndipitirize.

Mlandu wanga ndikuudziwa, musavutike kundikumbutsa. Ndi umene ukundidzutsa m'mawa uliwonse.

Lachinayi mayi wa pafoni anandipeza pa kafoni kamene ndabwereka, nambala ndi yomwe ija. Anafunsa ngati ndasuta, ndinati ayi, ndipo ndi zoona, ngakhale pamaliro chingambwe chinkayenda dzanja ndi dzanja. Kenako anafunsa za abambo. Ndinangomva pakamwa panga pakuti ali bwinoko. Anakondwa, ine n'kudula. Ndiye ndikudziwa mmene mawuwa amatulukira, sachita kupempha chilolezo. Koma iye ndi mlendo, ndipo palibe chimene wataya.

Fodya mukasankha, a Laison akuthandizeni kudinda mabelo, alembetse dzina lanu. Mapulasitala otsala mukapereke kuchipatala, adziwa chochita nawo. Nyumba ya abambo musagwetse mpaka ndidzabwere.

Chatsala chimodzi. A Laison akuti m'mawa wa tsiku lomaliza abambo analankhula, anatchula dzina langa, koma iwo anali pakhomo ndipo sanamve bwino. Akuti amene munali pafupi ndi phala ndinu. Ananena chiyani? Mulembe mmene ananenera, ngakhale atakhala kuti ananditukwana. Padziko lonse amene akudziwa ndinu nokha, ndipo ndidikira yankho lanu ndi a Dyson. Chimene chikundiliza n'chakuti mukalemba kuti anandikhululukira, sindidzadziwa ngati ndi zoona.

Bambo a Gloria,
Luckson